Mliri suimitsa masiku a apilo

Boma litalengeza pa 20 Malichi 2020 kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha COVID-19, anthu ambiri kuno ku Chigwa cha Shire anaganiza kuti masiku operekera zikalata kukhoti nawonso aima. Anaona makhoti akuchepetsa anthu olowa, naganiza kuti kalendala yagona. Sinagone.

Munthu amene khoti la majisitireti ku Nsanje kapena ku Chikwawa lamupeza wolakwa ali ndi masiku 10 okha oti adziwitse khoti polemba kalata kuti achita apilo. Masikuwo amayamba kuwerengedwa chigamulo chikangoperekedwa, kaya kunja kuli mliri, kaya Shire wasefukira ndipo wachibale wa ku Makhanga akudikira bwato kuti adzamve mmene mlandu wathera.

Chimene lamulo limalola n'chakuti Khoti Lalikulu lingathe kulandira apilo yochedwa ngati pali chifukwa chomveka, koma chifukwacho chiyenera kuperekedwa mu chikalata cholumbira. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Kungolemba kuti "kunali korona" sikukwanira, pakuti korona anali kwa aliyense, ndipo ena anapereka zikalata zawo nthawi yake. Woweruza amafuna kudziwa tsiku limene munadwala, tsiku limene munatuluka m'chipatala kapena m'malo obindikiritsidwa, ndi chimene munachita mutangopeza mphamvu. Kabuku ka kuchipatala kaja, kamene ambiri timakasunga m'jumbo pamodzi ndi makadi a ana a kusikelo, kamalemera pamaso pa khoti kuposa madandaulo a masamba atatu. Sabata ziwiri zochedwa zimafotokozeka. Miyezi isanu ndi itatu imene munthu anali bwinobwino akupalira mapira njovuta kuiteteza, ndipo ine sindilonjeza munthu wotero kuti zimuyendera.

Malire oyambira mlandu watsopano ndiwo ouma kwambiri. Wovulala pa ngozi ya pamsewu ali ndi zaka zitatu zokasumira, wa ngongole zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo akuyenera kukadandaula ku ofesi ya leba isanathe miyezi itatu. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau masikuwo asanathe, atanyamula kabuku ka kuchipatala ndi kalata iliyonse yosonyeza tsiku la ngozi kapena la kuchotsedwa ntchito.