Mtengo wa ma virus uli pa foni yanu, koma muziuwerenga bwino

Mukatsegula webusaiti ya nextstrain.org muona chithunzi cha chibale cha ma virus, chooneka ngati mtengo wogona cham'mbali, nthambi mbwee, kunsonga kuli timadontho tamitundumitundu. Kadontho kalikonse ndi sampulo imodzi yomwe ma gene a kachilombo kake anawerengedwa mu labu, mukakadina kakuuzani dziko, deti, ndi pomwe kachilomboko kasintha. Anayambitsa ndi a Trevor Bedford ndi a Richard Neher, mu 2015 inali ya chimfine basi, covid itabwera ndiye aliyense anakhamukira komweko.

Kale ife a mu labu tinkangotumizirana mtengo pa PDF, mayina ang'onoang'ono osawerengeka olo upange zoom bwanji. Pano umangotenga fayilo ya Newick, yomwe imasunga mtengowo m'malemba, mayina a masampulo atasanjidwa ndi mabulaketi ndi ma comma, kuphatikiza ka spreadsheet ka malo ndi madeti, nkuponya pa webusaiti ya Microreact, imakupatsa link ndipo mnzako akatsegula akuona mtengo, mapu ndi nthawi pamodzi, akadina nthambi imodzi mapu nawo akusonyeza komwe masampulo amenewo anachokera. Palinso webusaiti ina, iTOL, ya ku labu ya ku Ulaya yotchedwa EMBL, koma ine ndimaiona kuti ndi yokongoletsera mitengo yokalowa mu ma paper a kafukufuku.

Chomwe anthu amaphonya nchakuti mtengowu umangoonetsa zimene zinayezedwa. Dziko lomwe silikuwerenga ma gene silioneka, osati poti kulibe matenda ayi. Komanso madontho awiri kuyandikana pa screen sikuti ndi pachibale, muzitsatira nthambi chobwerera mpaka pomwe zinagawanikirana.

Takumbukirani Novembala 2021. Asayansi a ku Botswana ndi South Africa anapeza Omicron, mtundu watsopano wa kachilombo ka covid, pa mtengo inatulukira pa nthambi yayitali zedi yokhayokha, spike (kaminga komwe kachilomboka kamalowera nako mu maselo) yokha itasintha malo opitirira 30, kusonyeza kuti inakhala ikusintha kwa miyezi kwinakwake osayezedwa. South Africa inauza WHO pa 24, pasanathe sabata America inatseka maulendo ochokera mayiko 8 a kuno kumwera, Malawi ali momwemo, ngati kuti kupeza ndiye kuyambitsa. Kenako ku Netherlands atabwerera ku masampulo awo akale anaipeza mu a pa 19 ndi 23 Novembala, South Africa isanalengeze nkomwe.