Wophunzira akati "ndili bwino", kodi wadya chiyani lero?

Wachinyamata wochokera ku Angónia, Tsangano kapena Macanga akafika mumzinda wa Tete ku Mozambique kudzaphunzira pa sukulu ya ukachenjede ya UniZambeze, UniPúnguè kapena ISPT, mbale yake imasintha msanga kuposa china chilichonse. Kumudzi ankadya nsima ya mgaiwa, nyemba, nkhwani ndi mbatatesi zakumunda, koma kuno chilichonse n'chogula, ndipo ndalama zikachepa pakati pa mwezi, chakudya cham'mawa ndicho chimayamba kusiyidwa. Masana amangodya buledi ndi chakumwa chozizira cha m'botolo, usiku n'kudzaza mimba ndi mpunga wopanda ndiwo zamasamba.

Ife ogwira ntchito zaumoyo timakonda kufunsa munthu mmene iye mwini akuonera thanzi lake, chifukwa yankho lake limatiuza zambiri. Koma kwa ophunzira ambiri, mawu akuti "ndili bwino" amangotanthauza kuti palibe pamene pakupweteka. Kutopa, kupsa mtima msanga ndiponso kuwerenga tsamba limodzi katatu osatolapo kanthu amati n'chifukwa cha kutentha, ndipo sindingawatsutse kwathunthu, pakuti mu Okutobala ndi Novembala masiku ena mzindawu umatentha kupitirira madigiri 40. Komabe ubongo, umene umalemera pafupifupi magawo 2 okha pa 100 alionse a thupi, umagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 20 a mphamvu zimene thupi limatentha likapuma, choncho njala ndi ludzu zimaonekera m'kalasi munthu asanadwale n'komwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuchepa kwa ayironi m'magazi, makamaka kwa atsikana, amene amataya magazi mwezi ndi mwezi. Vutoli limabwera mwakachetechete ndipo limafanana ndi ulesi. Nyemba, bonongwe, kapenta wa ku Cahora Bassa ndi nyama yambuzi zili ndi ayironi, koma tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi wa m'zomera, pamene vitamini C wa m'malambe, masau ndi mandimu amathandiza. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudya zipatso ndi masamba osachepera magalamu 400 patsiku, ndiponso kuti shuga woonjezera asapitirire pafupifupi magalamu 50 kwa munthu wamkulu; chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera chimakhala kale ndi magalamu oposa 30.

Nyengo ya mayeso ikafika, khofi ndi zakumwa zochotsa tulo zimalowa m'malo mwa chakudya. Theka la kafeini, chinthu chochotsa tulo chimene chili m'zakumwazi, limakhala likadali m'thupi patapita maola pafupifupi 5, motero amene wamwa madzulo sagona bwino, mawa lake amadzuka mtima uli m'mwamba, ndipo amafunanso zotsekemera.

Tisaiwale kuti nkhaniyi imayenda mbali ziwiri. Kudya mosakwanira kumafooketsa maganizo, koma nkhawa ya fizi, kusowa anzako kapena mavuto akumudzi zimathanso kuchotsa chilakolako cha chakudya, ndipo pamenepo mbale ya nyemba payokha siichiritsa. Wophunzira amene wakhala wokhumudwa, wosafuna kudya ndiponso wosasangalala ndi zimene ankakonda kwa masabata 2 kapena kuposerapo ayenera kupita kuchipatala, kumene angamuyeze magazi ndiponso kumutumiza kwa woona za matenda a maganizo.