Chiganizo chimene chinalemeretsa Microsoft

Chaka chimene ndinkasakasaka ntchito, makalata anga ndinkatayipitsa pa kashopu kena ka fotokope. Sikirini ya kompyuta ya pamenepo inali yakuda bii, ndipo pakona yakumunsi panali timawu tachingerezi tonena kuti Windows imene ili mmenemo si yeniyeni. Nditafunsa, mnyamata wotayipa anangoti, "Zisiyeni zimenezo bwana, imangolemba choncho." Iye sankadziwa, nanenso panthawiyo sindinkadziwa, kuti dandaulo limenelo ndi lakale kuposa tonse awirife. Linayamba mu 1976, kampani ya Microsoft isanakwanitse chaka chimodzi.

Bill Gates ndi Paul Allen anadziwana ali anyamata pa sukulu ya Lakeside mumzinda wa Seattle ku America. Inali sukulu ya ana a anthu opeza bwino. Mu 1968 gulu la amayi a ana a pasukulupo linagulitsa katundu wakale, ndalama zake n'kulipirira makina otayipira olumikizidwa pa waya wa telefoni ku kompyuta yaikulu imene inali kwina. Nthawi imeneyo kompyuta inkadzaza chipinda, ndipo ngakhale mayunivesite ambiri ankachita kuyipempha. Anyamata awiriwa anakakamira pa makinawo ngati nkhupakupa. Allen anali wamkulu ndi zaka ziwiri.

Kumapeto kwa 1974, Allen akugwira ntchito ku Honeywell kufupi ndi Boston, Gates akuphunzira ku Harvard, magazini ya Popular Electronics ya Januwale 1975 inatuluka ndi chithunzi cha kabokosi kotchedwa Altair 8800 pachikuto. Inali kompyuta yoti munthu wamba atha kugula m'zidutswa n'kukalumikiza yekha kunyumba. Inkapangidwa ndi kakampani ka MITS ka Ed Roberts ku Albuquerque, m'chigawo cha New Mexico. Musaganize za kompyuta imene mukuyidziwa. Inalibe kiyibodi, inalibe sikirini. Kutsogolo kwake kunali timasiwichi ndi timagetsi tofiira basi, ndipo kuti ichite kanthu unkayenera kukweza ndi kutsitsa timasiwichito kambirimbiri osaphonya ngakhale kamodzi.

Awiriwa anauza Roberts kuti ali ndi pulogalamu ya chinenero cha BASIC yoti anthu azilamulira nayo Altair polemba mawu. Linali bodza. Pulogalamuyo analibe, ngakhale Altair yeniyeniyo anali asanayigwirepo ndi manja. Roberts atati bwerani nayo tiyione, m'pamene ntchito inayamba. Allen analemba pulogalamu yochititsa kompyuta yaikulu ya ku Harvard, PDP-10, kuti izinamizira kukhala chipu cha Intel 8080, kachipangizo kamene kanali ubongo wa Altair, ndipo Gates analemba BASIC pamenepo, mnzawo Monte Davidoff akuthandiza mbali ya masamu. Anagwira usiku ndi usana kwa milungu pafupifupi isanu ndi itatu. Pulogalamuyo inasungidwa pa tepi ya pepala yobowolabowola, Allen n'kukwera nayo ndege. Ali m'mwamba anakumbukira kuti sanalembe kapulogalamu kouza Altair mmene iwerengere tepiyo, ndiye anakalemba pamanja ndege isanatere. Atafika ku Albuquerque, zinthu zinayenda ulendo woyamba womwewo.

Pa 4 Epulo 1975 ndi tsiku limene kampaniyi imawerengera kubadwa kwake, komweko ku Albuquerque. Poyamba dzinalo ankalilemba Micro-Soft. Koma chimwemwe sichinakhalitse. Tepi ya BASIC inayamba kuzungulira m'magulu a anthu okonda makompyuta ku California, aliyense kukopera n'kupatsa mnzake. Kwa iwo sikunali kuba. Chizolowezi cha nthawiyo chinali chakuti chogula ndi chitsulo, pulogalamu n'njogawana ngati moto wopala kwa aneba. Mu Febuluwale 1976 Gates, ali ndi zaka 20, anawalembera kalata yapoyera yowauza mosapsatira kuti ambiri a iwo akuba. Anati mwa eni Altair khumi alionse, ogula BASIC sankafika ngakhale mmodzi, ndipo malipiro a thukuta lawo sankakwana madola awiri pa ola. Anthu anakwiya naye kwambiri. Ine ndimaona kuti kampani yonse ya Microsoft ili m'kalata imeneyo: pulogalamu ili ndi mwini wake, ndipo aliyense woigwiritsa ntchito alipire.

Mu 1979 anasamukira kwawo, ku Bellevue pafupi ndi Seattle, ndipo chaka chotsatira Steve Ballmer, mnzake wa Gates wa ku Harvard, analowa ntchito yoyang'anira za bizinesi. Chaka chomwecho cha 1980 kunabwera alendo ovala masuti ochokera ku IBM.

IBM inali njovu pa nkhani ya makompyuta. Inali itachedwa kulowa msika wa makompyuta ang'onoang'ono umene Apple ndi ena ankadyerera, ndiye inaganiza zopanga yake m'chaka chimodzi chokha ku Boca Raton, ku Florida, pogula zipangizo kwa ena m'malo mopanga zonse yokha. Inkafuna pulogalamu yoyendetsa kompyutayo, ija imene mapulogalamu ena onse amakhalapo. Microsoft inalibe pulogalamu yotere, ndipo Gates mwiniwake anawalozera kwa Gary Kildall wa kampani ya Digital Research, mwini CP/M, imene inali yotchuka nthawiyo. Zimene zinachitika kumeneko anthu amazifotokoza mosiyanasiyana mpaka lero, koma mfundo ndi yakuti sanamvane msanga, ndipo IBM inabwerera kwa Gates. Tisaiwalenso kuti mayi ake a Gates, a Mary Gates, ankakhala mu komiti imodzi ya bungwe lachifundo la United Way ndi John Opel, mkulu wa IBM. Sizikutanthauza kuti ntchitoyo inabwera chifukwa cha mayi, koma dzina la mnyamatayo silinali lachilendo kumtunda.

Microsoft inavomera kupereka chinthu chimene inalibe, kachiwiri. M'dera lomwelo la Seattle munali kakampani ka Seattle Computer Products, kumene Tim Paterson anali atalemba pulogalamu yofanana kwambiri ndi CP/M. Poyamba ankayitcha QDOS, dzina losonyeza kuti inalembedwa mwachangu ndi mwachisawawa. Microsoft inayamba yatenga laisensi, kenako mu Julayi 1981 n'kuigula yonse pa madola 50,000, osaulula kuti kasitomala wake ndi ndani. Pa 12 Ogasiti 1981 IBM PC inatuluka ili ndi pulogalamuyo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mu mgwirizano wawo, Microsoft sinagulitse pulogalamuyo kwa IBM. Inangopereka chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo inasunga ufulu woipereka kwa wina aliyense wopanga makompyuta. IBM inavomera, mwina poganiza kuti palibe angathe kupanga kompyuta yofanana ndi yake. Koma zipangizo zambiri za mkati mwake zinali zogula pamsika, chipu chake cha Intel. Pasanathe zaka ziwiri kampani ya Compaq inatulutsa kompyuta yoyendetsa mapulogalamu onse a IBM PC, ndipo ena anatsatira mwaunyinji, a ku America ndi a ku Asia omwe. Onsewa ankalimbirana makasitomala, mitengo n'kumatsika, phindu n'kumachepa. Koma aliyense wa iwo ankafunika MS-DOS, dzina limene Microsoft inapatsa pulogalamu ija inagula. Zinali ngati msika umene ogulitsa tomato akutsitsirana mitengo mpaka madzulo, pamene wodula tikiti ya msika akungoyenda benchi ndi benchi kutolera zake. Kildall uja anadzaloledwa kugulitsa CP/M yake pa IBM PC, koma pa madola 240, pamene DOS inali pa madola 40. Wogula sankachedwa kusankha.

Allen anachoka mu 1983 atapezeka ndi khansa, ubale wake ndi Gates utayamba kale kuzizira. Mu 1986 kampaniyo inasamukira ku Redmond, kumene ili mpaka pano, ndipo pa 13 Malichi masheya ake anayamba kugulitsidwa pa madola 21 imodzi. Chaka chotsatira Gates anali ndi chuma choposa biliyoni imodzi ya madola ali ndi zaka 31. Windows yoyamba ya mu 1985 inali yosakoma ndipo anthu sanayilabadire. Ya mu 1990, Windows 3.0, ndi imene inagwira msika, ndipo inakokera limodzi Word ndi Excel, zimene zinakankhira pambali WordPerfect ndi Lotus 1-2-3, mapulogalamu a makampani ena ogwira ntchito zomwezo. Apple inasuma kuti mawonekedwe a Windows anaberedwa ku kompyuta yake ya Macintosh, koma mlandu sunayikomere.

Wodula tikiti uja anafika pomadula ngakhale kwa amene sanagulitse kanthu. Makampani ambiri opanga makompyuta anasaina mgwirizano woti azilipira Microsoft pa kompyuta iliyonse yotuluka m'fakitale, kaya muli MS-DOS kaya mulibe. Ndani akanaikamo pulogalamu ya kampani ina n'kulipira kawiri? Boma la America linaletsa mchitidwewu mu Julayi 1994, mwezi womwe Kildall anamwalira.

Windows 95 inatuluka pa 24 Ogasiti 1995 ndi phokoso ngati la chisankho. Anthu anaima pamizere usiku kudikira kuti masitolo atsegule, ndipo ku London Microsoft inalipirira nyuzipepala ya The Times ya tsikulo kuti igawidwe ulere. Koma Gates anali kale ndi nkhawa ina. Kakampani ka Netscape kanali katatulutsa pulogalamu yoyendera pa intaneti imene inkagwira ntchito pa kompyuta yamtundu uliwonse. Anthu akanazolowera kuchita zonse mmenemo, Windows ikanasanduka khomo longodutsapo. Microsoft inapanga yake, Internet Explorer, n'kuiphatikiza ndi Windows mwaulere, ndipo inapanikiza opanga makompyuta kuti asaichotse. Kampani imene inakula ndi mfundo yakuti pulogalamu si yaulere inagonjetsa mnzake pogawa zaulere.

Mu Meyi 1998 boma la America ndi zigawo 20 anaitengera kukhoti. Vidiyo ya Gates akufunsidwa mafunso, akuzemba, akutsutsa tanthauzo la mawu wamba ndi kunena kuti sakukumbukira makalata amene analemba yekha, inaseketsa anthu m'khoti. Mu Juni 2000 woweruza Thomas Penfield Jackson analamula kuti kampaniyo igawidwe pawiri. Khoti la apilo linathetsa chigamulo chogawacho mu 2001, ngakhale linavomereza kuti Microsoft inaphwanya lamulo poteteza ufumu wake. Ku Ulaya inalipitsidwa chindapusa cha mayuro 497 miliyoni mu 2004.

Zaka za Ballmer, amene anatenga utsogoleri mu 2000, sizinapite pachabe. Phindu linakula, Xbox, makina osewerera magemu, ndi Windows XP zinatuluka mu 2001, ndipo XP ija inakhalitsa m'maofesi mwathu zaka zambiri eni ake atasiya kale kuyisamalira. Koma foni inawadutsa. iPhone itatuluka mu 2007 Ballmer anaseka mtengo wake pa TV. Mu 2013 anagwirizana zogula gawo la mafoni la Nokia pa madola opitirira mabiliyoni 7, ndipo mu 2015 kampaniyo inavomereza kuti ndalama pafupifupi zonsezo zalowa m'madzi. Kwa ife amene ambiri tinayamba kuona intaneti pa foni ya Android osati pa kompyuta, kuphonya kumeneku kukutanthauza kuti pali m'badwo wathunthu umene Windows sunayigwirepo.

Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma Satya Nadella, amene anakhala mkulu mu Febuluwale 2014, sanali mlendo. Anabadwira ku Hyderabad ku India, ndipo anali atagwira ntchito ku Microsoft kuyambira 1992. Anasiya kukakamira kuti chilichonse chidutse pa Windows. Mwezi wotsatira Office, phukusi la Word ndi Excel zija, inatuluka pa iPad ya Apple. Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta imene Ballmer anaitchapo khansa, inalandiridwa. Mphamvu zinapita ku Azure, nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta zimene makampani ndi maboma amachita lendi m'malo mogula awoawo. Zina mwa nyumbazi zinatsegulidwa ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019. Anagula LinkedIn, tsamba la intaneti lolumikiza anthu pa nkhani za ntchito, mu 2016 pa madola 26.2 biliyoni, GitHub, kumene olemba mapulogalamu amasungako ntchito yawo, mu 2018, ndipo mu 2019 anaika biliyoni imodzi ku OpenAI, eni ake a ChatGPT. Mu Januwale 2024 mtengo wa kampaniyo pamsika wa masheya unapitirira madola 3 thiriliyoni.

Anthu amati Nadella anasintha Microsoft, ndipo pa khalidwe n'zoona. Pa ndalama ine ndimaona mfundo yakale ija itangokhwima. Kale unkalipira laisensi kamodzi n'kutenga CD kupita nayo kunyumba, ndipo CD imakopedwa. Lero Word ndi Excel ambiri amalipira pamwezi kapena pachaka, ngati lendi ya nyumba, ndipo ukasiya kulipira sungathenso kulembamo. Nyumba ya makompyuta ya ku Johannesburg palibe angayikopere pa fulashi.

Paul Allen anamwalira mu 2018. Mu Epulo 2025, kampaniyo ikukwanitsa zaka 50, Gates anaika pa intaneti mizere yonse ya pulogalamu ya BASIC ya Altair ija, kuti aliyense wofuna atenge ulere.