Malinga a Palmerston pa doko la Portsmouth

Mukamayenda m'mbali mwa nyanja ku Portsmouth, kummwera kwa England, kuchoka pakamwa pa doko kulowera ku Southsea, mumaona zimiyala zozungulira zitangoti ndunduu pakati pa madzi. Amenewo ndi malinga ankhondo, ndipo alipo anayi: Spitbank, Horse Sand, No Man's Land ndi St Helens.

Anamangidwa chifukwa cha mantha. Mu 1859 dziko la France, lolamulidwa ndi Napoleon III, linakhoma sitima yankhondo yokutidwa ndi chitsulo, La Gloire. Ku London akuluakulu sanaone tulo, poti ku Portsmouth n'kumene kunali kuchimake kwa sitima zankhondo za Britain. Nduna yaikulu, Lord Palmerston, inati doko litchingidwe ndi malinga. William Gladstone, yemwe ankasunga chikwama cha boma, anati kumeneko n'kusakaza ndalama. Anakokanakokana, koma mawu a Palmerston ndiwo anapita.

Ntchito inali yakalavulagaga. Maziko ankayalidwa pansi pa nyanja, anthu akuchita kumira kuti akakhazike miyala. Palmerston anamwalira mu 1865 osaona chilichonse chitatha. Pomwe malingawo amadzamalizidwa cha m'ma 1880, France inali itathambitsidwa kale pankhondo ndi Prussia, ufumu wa Ajeremani, mu 1870, ndipo Napoleon woopedwa uja anali atafera ku England komweko mu 1873, ali wothawa kwawo. Anthu anayamba kuwatcha Palmerston's Follies, kutanthauza zopusa za Palmerston. Chitonzo chinafikiranso malinga a paphiri la Portsdown, amene mizinga yake inaloza kumtunda: mpaka lero ena amati amisiri anawatembenuza molakwitsa, chonsecho cholinga chinali kutsekereza adani otsikira kwina n'kudzera kumbuyo.

Ine dzina limenelo ndimaliona lonyanya. Wakwiya ndi kadziwotche, koma anthu a ku Portsmouth sankaopa mthunzi chabe. Afalansa anawotchapo mzindawu mu 1338. Panjira ya m'mbali mwa nyanja ija mumadutsa nsanja yotchedwa Round Tower, pomwe ankakoka unyolo kuwolotsa madzi mpaka ku Gosport kuti atseke doko. Kutsogolo kwake kuli Southsea Castle, linga limene mfumu Henry VIII inamangitsa mu 1544. Chaka chotsatira sitima za Afalansa zinafikadi, ndipo mfumuyo inaonerera ili kumtunda pamene sitima yake, Mary Rose, inkamira ndi anthu mazanamazana. Anadzaivuula mu 1982, ndipo lero ikuonetsedwa padoko pomwepo.