Asilikali a Xerxes analipo angati?

M'chaka cha 480 BC, Mfumu Xerxes ya ku Persia inawoloka kuchokera ku Asia kukathira nkhondo Agiriki. Za kuchuluka kwa asilikali ake akatswiri a mbiri yakale amatsutsanabe, ndipo amene anayambitsa zonsezi ndi Herodotus, Mgiriki yemwe analemba za nkhondoyi patapita zaka makumi angapo.

Iye akuti oyenda pansi okha anali 1,700,000. Kawerengedwe kake n'koseketsa: pa Doriscus, m'dera la Thrace, akuti anapanikiza anthu 10,000 pamalo amodzi, n'kumanga khoma lolekeza m'mchombo kuzungulira malowo. Kenako ankangodzaza mpandawo n'kutulutsa, kudzaza n'kutulutsa, mpaka onse anatha. Atawonjezera apakavalo, a m'zombo, olowa m'gulu panjira ndi antchito, chiwerengero chake chinafika 5,283,220. Akutinso mitsinje ina, monga Scamander, inauma chifukwa chomwedwa.

Koma msilikali amadya. Tingoti aliyense alandire kilogalamu imodzi ya tirigu patsiku. Anthu 5 miliyoni ndiye kuti matumba 100,000 a makilogalamu 50, lero, mawa ndi mkuja, osapumira. Nyama zonyamula katunduyo nazo zimafuna msipu ndi madzi, ndipo ulendo ukatalika zimayamba kudya zomwe zasenza.

Katswiri wa ku Germany, Hans Delbrück, anawerengetsa kuti gulu lotere litandanda pamsewu, akutsogolo akanafika ku Thermopylae, m'dziko la Agiriki, akumbuyo akungonyamuka kumene ku Susa, mzinda wa mfumu ku Persia. Mkulu wa asilikali wa ku Britain, Frederick Maurice, anayang'ana za madzi. Atayendera yekha dera la Hellespont, nyanja yopapatiza yolekanitsa Asia ndi Ulaya, ndi kuona mitsinje ya m'deralo, analemba mu 1930 kuti madziwo akanakwanira anthu osaposa 210,000 ndi nyama 75,000. Ena amaganiza kuti Agiriki anasokoneza maudindo: wolamulira anthu 1,000 anamutenga ngati wa 10,000. Tisaiwalenso kuti Agiriki, omwe anapambana nkhondoyi, ndiwo anasimba nkhaniyi, ndipo mdani akachuluka ulemu wa wopambana umakula.

Ine ndimaona kuti mamiliyoni abodzawa amaphimba chomwe chinali chodabwitsa zedi. Kudyetsa ngakhale anthu 200,000 kutali ndi kwawo, kopanda galimoto, sinali ntchito yamasewera. Kukonzekera kunatenga zaka zinayi. Chakudya anachikundika pasadakhale m'nkhokwe za m'mbali mwa njira, ku Tyrodiza, Doriscus, Eion ndi ku Macedonia, ndipo zombo zinkayenda m'mphepete mwa gombe moyandikana ndi asilikali. Popeza namondwe anaphwanya zombo za Aperisi pa phiri la Athos mu 492 BC, anakumba ngalande ya makilomita pafupifupi awiri kuti azilambalala. Pa Hellespont anayala milatho iwiri pamwamba pa zombo zomangidwa ndi zingwe za fulakesi ndi gumbwa.

Luso limeneli silinayambe ndi nkhondoyi. Ku Persepolis, mzinda wina wa mafumu a ku Persia, kunapezeka timapale tadongo zikwi zambiri ta m'nthawi ya Darius, bambo ake a Xerxes. Timasonyeza kuti woyenda pa ntchito ya boma ankanyamula chikalata chodindidwa, n'kumalandira ufa woyezedwa pamalo aliwonse opumulira, mlembi n'kulemba zonse. Msewu wa mfumu wochokera ku Sardis, kumadzulo kwa ufumuwo, kukafika ku Susa unali ndi malo otere 111.

Mtolo wina unagwera eni midzi ya m'njira, omwe analamulidwa kuphikira mfumu ndi gulu lake. Herodotus akuti anthu a ku Thasos anawononga matalente 400 a siliva pa chakudya chimodzi chamadzulo, ndipo alendowo ponyamuka m'mawa anatenga ndi ziwiya zomwe. Bambo wina wa ku Abdera, Megacreon, analangiza anzake kuti akathokoze milungu poti Xerxes ankadya chakudya chachikulu kamodzi patsiku. Akanafunanso cham'mawa, iwo akanayenera kuthawa mumzindamo iye asanafike.