Chenjezo kwa osamalira agogo: botolo la "D3 + K2" ndi anthu amene amamwa warfarin

Pali uthenga umene ukuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook muno mu Lusaka. Ukunena kuti munthu wachikulire akamamwa mapiritsi a vitamini D, vitamini K yense amatha m'thupi mwake, mitsempha ya magazi n'kuuma, choncho aliyense agule botolo lolembedwa "D3 + K2" (D3 ndi mtundu wa vitamini D, K2 ndi mtundu wa vitamini K). Ana ndi adzukulu akugula mabotolowa m'mafamase a m'tauni, ena akuchita kutumiza kuchokera ku Johannesburg kapena ku London, ndipo agogo akumwa ndi mtima woyamikira. Ife a ku kiliniki tikuda nkhawa ndi gulu limodzi: okalamba amene amamwa warfarin, mankhwala aja ambiri mumati osungunula magazi. Kwa iwowa botolo limeneli likhoza kubweretsa sitiroko.

Ngati pakhomo panu pali munthu wa warfarin, musamupatse piritsi lililonse lokhala ndi vitamini K musanalionetse ku kiliniki. Ngati anayamba kale kumwa, mupite naye sabata ino.

Za mavitaminiwo tinene mwachidule. Vitamini D amapangidwa ndi khungu likawombedwa ndi dzuwa, ndipo amathandiza matumbo kuyamwa kashiamu wolimbitsa mafupa. Khungu la wokalamba limapanga wochepa, ndipo agogo amene amangokhala m'nyumba sapeza wokwanira ngakhale kuno dzuwa lilipo chaka chonse. Dzuwa lodzera pa galasi la windo silipanga vitamini D. Vitamini K timamupeza makamaka m'ndiwo zamasamba. Chiwindi chimamugwiritsa ntchito popanga zinthu zimene zimaundanitsa magazi munthu akadzicheka. Iye yemweyo amadzutsa mapuloteni awiri, osteocalcin amene amamanga kashiamu m'mafupa, ndi matrix Gla protein amene amaletsa kashiamu kukakamira m'mitsempha.

Mphekesera ija inatola kachoonadi kamodzi. Vitamini D amachititsa thupi kupanga mapuloteni awiriwa ochuluka, ndipo popanda vitamini K sagwira ntchito. N'chifukwa chake akatswiri amafufuza ngati kumwa vitamini D wambiri kumawonjezera kufunika kwa vitamini K. Koma vitamini D sawotcha kapena kudya vitamini K m'magazi, ndipo kafukufuku sanasonyeze kuti wokalamba amene akumwa mlingo woyenera wa vitamini D, nadya ndiwo zake zamasamba, amafunika kapisozi wa K2. Pa tsiku mwamuna amafunika mamayikrogalamu 120 a vitamini K, mkazi 90. Mbale yodzaza ya repu kapena bondwe imapitirira pamenepo, ndipo chibwabwa ndi kalembula nazo zili naye. Mukathira saladi pang'ono kapena kutendera ndi nsinjiro, thupi limamuyamwa bwino. Vitamini amene mukumuyitanitsa pa ndege ali pa Soweto Market m'mawa uliwonse, pa mtengo wa mpukutu wa masamba.

Tibwerere kwa anthu a warfarin. Ndi aja anaikidwa valavu yachitsulo mumtima, aja mtima wawo umagunda mosalongosoka, ndi aja anaundanapo magazi m'mwendo kapena m'mapapo. Ambiri mumayendera ku UTH, ku Levy Mwanawasa kapena ku National Heart Hospital. Warfarin amagwira ntchito potchinga vitamini K m'chiwindi. Zili ngati sikelo ya pa butchala: mbali ina kuli warfarin, mbali ina vitamini K wa m'zakudya zanu, ndipo adokotala anailinganiza poyeza magazi mobwerezabwereza. Kuyezako ndi kuja kwa INR, nambala yosonyeza mmene magazi akuchedwera kuundana. Kwa ambiri nambala imayenera kukhala pakati pa 2 ndi 3, kwa ena a valavu yachitsulo pakati pa 2.5 ndi 3.5. Mukawonjezera kapisozi wa K2, INR imatsika, magazi amayamba kuundana ngati munthu sakumwa mankhwala n'komwe. Mtundu wa K2 umene uli m'mabotolo ambiri, wolembedwa MK-7, umakhalitsa m'magazi masiku angapo, pomwe vitamini K wa m'masamba amachoka pakangopita maola. Ndiye kakapisozi kamodzi tsiku lililonse kamaunjikana. Ngakhale mlingo wochepa umagwedeza INR.

Choopsa n'chakuti agogo samva chilichonse. Palibe mutu, palibe chizungulire. Amadya, amaseka, amapita ku tchalitchi, mpaka tsiku limene kamagazi koundana kadzatseke mtsempha wa mu ubongo.

Zimene timaona pa tebulo la kiliniki ndi izi. Sisita amafunsa kuti, "Ambuya, mukumwa mankhwala anji?" Ambuya amamasula kapulasitiki, n'kuyala timapaketi: a BP, a shuga, warfarin, zonse bwinobwino. "Palibenso china, ambuya?" "Iyayi mwana wanga, ndi omwewa." INR yatsika, sisita akudabwa, akufunsa ngati ambuya akudumphitsa masiku. Pamapeto pake mdzukulu amene wawaperekeza ndiye amati, "Nanga aja a m'botolo ali pamwamba pa filiji?" Ambuya amayankha kuti, "Aja si mankhwala, ndi mavitamini chabe, ananditumizira mwana wanga." Mawu amenewa, akuti ndi mavitamini chabe, ndi amene atitopetsa. Chilichonse chimene mumameza tsiku ndi tsiku kuchokera m'botolo ndi mankhwala, kaya munagula nokha, kaya ndi mphatso.

Pali msampha wachiwiri umene anthu sauganizira. Adokotala akaona INR yatsika, osadziwa za botolo lija, amawonjezera warfarin. Pakapita miyezi botolo limatha, palibe wogula lina, koma warfarin ali pa mlingo wokwera uja. Apo magazi amasungunuka mopitirira. Nkhama zimatuluka magazi potsuka mano, kamfuno sasiya, mkodzo umafiira, chimbudzi chimada bii, pakhungu pamatuluka mikwingwirima munthu asanagundidwe. Choncho ngati agogo akhala akumwa K2 kwa nthawi, musangobisa botolo mwakachetechete. Bwerani nalo, tiyeze INR, tikonze mlingo pamodzi.

Ena mukamva izi mudzathamangira kuletsa agogo ndiwo zamasamba. Musatero. Munthu wa warfarin adye masamba monga amadyera nthawi zonse, mlingo wofanana sabata ndi sabata. Chimene chimasokoneza ndi kusinthasintha, mwezi uno osalawa n'komwe, mwezi wamawa chibwabwa m'mawa ndi madzulo chifukwa mvula yagwa.

Vitamini D nayenso si wongomwa mwachisawawa. Munthu wosapitirira zaka 70 amafunika 600 IU pa tsiku (IU ndi muyeso wolembedwa pa botolo), wopitirira zaka 70 amafunika 800 IU. Malire amene simuyenera kudumpha popanda adokotala ndi 4,000 IU pa tsiku. Makapisozi a 50,000 IU amalembedwa ndi adokotala kwa munthu amene wayezedwa, kawirikawiri kamodzi pa sabata kwa nthawi yochepa. Kumwa oterewa tsiku lililonse n'kudzipweteka, chifukwa vitamini D satuluka msanga, amasungidwa m'mafuta a m'thupi, ndipo kashiamu amakwera m'magazi. Munthu amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi, amadzimbidwa, amasanza, amafooka, mwinanso mutu umasokonekera, ndipo impso zimawonongeka. Pakhomo anthu amati ndi shuga, ena amati ndi ukalamba, ena mpaka kutchula ufiti, pomwe gwero lili pamwamba pa filiji. Amene ali ndi vuto la impso, odwala TB, ndi amene amamwa digoxin (mankhwala a mtima) kapena hydrochlorothiazide (a BP) afunse kaye asanayambe. Ngati adokotala analembera agogo vitamini D, apitirize monga anawauzira. Vitamini D payekha, pa mlingo woyenera, salimbana ndi warfarin. Chimene tikukana ndi K wowonjezera uja.

Lero lomwe tengani mabotolo onse a agogo muwerenge kumbuyo kwake. Yang'anani mawu awa: vitamin K, K1, K2, MK-7, menaquinone, phylloquinone. Mabotolo a mavitamini osakaniza ndi a "olimbitsa mafupa" nthawi zambiri amakhala naye, wolembedwa ndi timalemba ting'onoting'ono. Ngati maso sakuona, mdzukulu awerenge. Zogula m'basi kapena m'mbali mwa msewu zisiyeni, gulani ku famase yovomerezedwa ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, ndipo muwauze ogulitsa kuti wodzamwa ali pa warfarin.

Ndipo musachedwe mukaona izi: kamwa lapotoka, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, mawu sakumveka, mwendo umodzi watupa ndi kupweteka, mpweya ukubanika mwadzidzidzi, kapena magazi akutuluka osasiya. Musadikire kuti kuche. Musayambe kuthowa ndi madzi otentha, musadikire mwana wa galimoto kuti aweruke ku ntchito. Pempherani muli pa njira. Pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi Kanyama, Chawama, Matero, Chipata kapena Chilenje, ndipo pongofika nenani kuti wodwalayu amamwa warfarin.

Pobwera tengani kabuku ka INR, timapaketi tonse ta mankhwala, ndi mabotolo onse a mavitamini ngakhale opanda kanthu. Ngati botolo munalitaya, kumbukirani mwezi umene agogo anayamba kumwa ndi umene linathera, ndipo funsani amene anatumiza akujambulireni chithunzi chake pa foni.