Nambala ya penti payokha sikwanira

Ambiri okonzanso galimoto zakale amakhulupirira kuti ukapeza nambala ya penti pa kachitsulo ka fakitale, nkhani yatha: ukaipereka kwa wosakaniza penti, mtundu ubwera ndendende. Si choncho.

Nambalayo imangotchula dzina la mtundu. Penti amene ankagwiritsa ntchito nthawi imene galimotozo zinkapangidwa anali wina. Kuyambira m'ma 1920, pamene kampani ya DuPont inatulutsa penti wotchedwa Duco, galimoto zambiri zinkapoperedwa penti wa mtundu umenewu, wa nitrocellulose lacquer, kenako kunabwera penti wa acrylic. Zopaka clear coat (penti woonekera mkati, wopanda mtundu) pamwamba zinafala m'ma 1980. Mitundu ina yachikasu ndi yofiira inali ndi mtovu, womwe lero opanga penti ambiri anausiya chifukwa ndi poizoni. Choncho wosakaniza wa lero amangoyesa kufanizira ndi zipangizo zatsopano, ndipo kuwala kwake kumasiyana. Ngakhale ku fakitale komweko, galimoto za nambala imodzi zinkatuluka zosiyana pang'ono, malinga ndi mgolo wa penti komanso dzanja la wopopera.

Kufanizira ndi boneti kapena denga n'kolakwika kwambiri, chifukwa dzuwa lasulutsa kale pamenepo, makamaka pa mtundu wofiira. Yang'anani pamalo obisika: pansi pa kapeti, mkati mwa buti, kuseri kwa zophimba zitseko. Pukutani pamenepo, muyeze ndi spectrophotometer (makina oyezera mtundu) ngati ilipo, kenako poperani pa kachitsulo koyesera. Kayang'aneni panja masana, chifukwa mitundu iwiri ikhoza kufanana pansi pa babu n'kusiyana padzuwa. Ngati ndi metallic (penti wokhala ndi tizitsulo tonyezimira), yesani kangapo. Mphamvu ya mpweya wopopera yokha imasintha maonekedwe.